Momwe munthu waulumali angayendere mu London osagwa m'chindapusa cha Congestion Charge

Mabanja ambiri a kwathu omwe ali ku London ali ndi m'bale woyendera njinga ya olumala, kholo lomwe miyendo yayamba kukana, kapena mwana wofunika chisamaliro chapadera. Enanso ntchito yawo ndi yosamalira odwala ndi okalamba, ndipo amawatenga pa galimoto kupita nawo kuchipatala. Malamulo a mzindawu, kuphatikizapo a Congestion Charge, ndalama yolipira galimoto ikalowa pakati pa mzinda, anawaganizira anthu otere, koma palibe chomwe chimabwera chokha. Chilichonse n'chofunsira, ndipo ukalumpha sitepe imodzi kalata ya chindapusa imakupeza pakhomo.

Yambani ndi Blue Badge

Blue Badge ndi chiphaso cha buluu chomwe chimaikidwa kutsogolo kwa galimoto kuti muloledwe kuimika pafupi ndi komwe mukupita. Mumafunsira pa intaneti kudzera pa tsamba la boma la gov.uk, koma amene amapereka ndi khonsolo ya dera lomwe mukukhala. Ku England mtengo wake sudutsa £10, ndipo chimagwira ntchito mpaka zaka zitatu. Musanakhale pa kompyuta, sonkhanitsani chithunzi cha nkhope chatsopano, chiphaso chosonyeza kuti ndinu ndani monga pasipoti, kalata yosonyeza adiresi yanu, nambala ya National Insurance ngati muli nayo, ndi makalata a thandizo lomwe boma limakupatsani.

Ena amapatsidwa mosavuta: amene analembedwa m'kaundula wa osaona, amene amalandira gawo lalikulu la mayendedwe pa thandizo la boma la olumala lotchedwa Disability Living Allowance, ndi amene anapeza mapointi 8 kapena kuposa pa gawo la kuyenda la thandizo lina lotchedwa Personal Independence Payment. Ena onse khonsolo imawaunika payekhapayekha, ndipo apa m'pofunika kulemba zoona zonse. Ife tinaleredwa kuti ukafunsidwa za matenda uziyankha kuti "ndiliko bwino", koma pa fomu iyi ulemu umenewo ukupwetekani. Lembani mtunda womwe amayi amatha kuyenda asanaime kuti apume, ululu womwe amamva, ndi nthawi yomwe zimawatengera. Kuyambira mu 2019 ulumali wosaoneka ndi maso, monga autism kapena matenda oiwalaiwala a ukalamba, nawonso umawerengedwa. Yankho limatha kutenga masabata 12, choncho musadikire kuti tsiku la kuchipatala liyandikire.

Chiphasochi ndi cha munthu, si cha galimoto. Mwini wake akatsala kunyumba, inu simungachigwiritse ntchito pokagula zinthu, ngakhale zinthuzo zikhale zake. Chindapusa chake chimafika £1,000 ndipo akhoza kulanda chiphasocho. Dziwaninso kuti pakatikati pa London malamulo ake ndi osiyana. M'madera ambiri a England mungaime pa mizere yachikasu mpaka maola atatu mutaonetsa chiphaso ndi wotchi yake ya pepala yosonyeza nthawi yomwe mwafika, koma ku Westminster, City of London, Kensington and Chelsea ndi mbali ina ya Camden sizili choncho. Kumeneko funani malo olembedwa kuti ndi a Blue Badge, ndipo werengani chikwangwani musanatuluke m'galimoto.

Kenako kalembetseni ku TfL, musanalowe m'tauni

Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Congestion Charge ndi ndalama yomwe galimoto imalipira ikalowa pakati pa mzinda. Inayamba pa 17 February 2003, nthawi ya meya Ken Livingstone, ili £5. Mu 2020 inafika £15, ndipo kuyambira pa 2 January 2026 ndi £18 patsiku. Imagwira kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo Loweruka, Lamulungu ndi masiku a tchuthi imayamba 12 koloko masana. Palibe chipata, palibe munthu woimitsa galimoto. Pamsewu pamangokhala chilembo cha C choyera m'kati mwa bwalo lofiira, ndipo makamera amajambula nambala ya galimoto.

Kamera siiona chiphaso chomwe chili pa galasi. Mwini Blue Badge ali ndi ufulu wosalipira n'komwe Congestion Charge, koma pokhapokha atalembetsa ku Transport for London, bungwe loyendetsa za mayendedwe mumzindawu lomwe aliyense amangoti TfL. Tsegulani akaunti ya London Road User Charging pa tsamba lawo, tumizani chithunzi cha Blue Badge mbali zonse ziwiri ndi chiphaso chanu, lipirani £10 yolembetsera, kenako ikani manambala a galimoto. Amalola galimoto ziwiri, ndipo siziyenera kukhala zanu: ikhoza kukhala ya mwana wanu kapena ya amene amakusamalirani, bola ikhale yomwe mumayendera. Mpaka TfL itakuyankhani kuti zatheka, pitirizani kulipira tsiku lililonse lomwe mwalowa. Mukaiwala muli ndi mpata mpaka pakati pa usiku wa tsiku lachitatu kuchokera pomwe munalowa, ngakhale mtengo umakwerako. Mukadutsitsa pamenepo chindapusa ndi £180, chomwe chimatsika kufika £90 mukalipira pasanathe masiku 14.

Blue Badge ikatha n'kulandira yatsopano, bwererani ku TfL mukawadziwitse, chifukwa kukhululukidwako kumathera limodzi ndi chiphaso chakale. Mukasintha galimoto chitaninso chimodzimodzi.

ULEZ ndi nkhani ina

Musasakanize ziwirizi. ULEZ ndi ndalama ya utsi, £12.50 patsiku, usana ndi usiku, chaka chonse kupatula tsiku la Khirisimasi, ndipo kuyambira pa 29 August 2023 inakuta maboma onse a London. Imakhudza galimoto zakale zokha: za petulo zosafika pa mlingo wa utsi wotchedwa Euro 4 ndi za dizilo zosafika pa Euro 6. Lembani nambala ya galimoto yanu pa tsamba la TfL, likuuzani pompo ngati muyenera kulipira.

Blue Badge payokha sikuchotserani ULEZ. Chomwe chilipo ndi nthawi yopumira mpaka pa 24 October 2027 kwa galimoto zomwe ku DVLA, ofesi ya boma yolembetsa galimoto, zinalembedwa m'gulu la msonkho la olumala, galimoto zosinthidwa kuti zinyamule njinga ya olumala, ndi anthu olandira mitundu ina ya thandizo la ulumali. Magulu awiri omalizawa ayenera kufunsira. Kunena zoona, lamulo ili limalemera kwambiri pa banja lomwe linagula galimoto yakale ya dizilo chifukwa ndi yomwe njinga imakwanamo, n'chifukwa chake ndikuti funsirani msanga ndipo muyambe kuganiza zomwe mudzachite 2027 ikakwana.

Basi, sitima ndi Freedom Pass

Masiku ena galimoto ingosiyani. Mabasi onse a TfL ndi otsika ndipo ali ndi kamlatho komwe kawirikawiri kamatuluka pa chitseko chapakati. Imani poti dalaivala akuoneni, mumupatse chizindikiro. Amayamba watsitsa anthu, n'kutseka chitseko, kenako kamlathoko kamatuluka kakulira alamu. M'kati, tsamiritsani msana wa njinga pa chotsamira chofewa chija mutayang'ana kumbuyo kwa basi, mangani mabuleki, ndipo pofuna kutsika dinani batani lomwe lili pamalo pomwepo, lomwe limamuuza dalaivala kuti atulutse kamlatho. Woyendera njinga ya olumala salipira m'basi ndi mu tram, sitima yoyenda m'misewu.

Malo amenewo mwini wake woyamba ndi wa njinga. Mukapeza pali ngolo ya mwana, dalaivala ayenera kupempha kholo kuti liipinde kapena lisunthe. Mu January 2017 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo, pa mlandu womwe Doug Paulley anasumira kampani ya FirstGroup, linagamula kuti dalaivala asamangopempha kamodzi n'kusiya pomwepo munthu akakana popanda chifukwa chomveka. Choncho musachite manyazi kulankhula.

Ku khonsolo yomweyo funsirani Disabled Persons Freedom Pass, khadi loyendera ulere m'basi, mu tram, m'sitima zapansi panthaka zotchedwa Tube, ndi m'sitima zina za DLR, Overground ndi Elizabeth line. Amene ulumali wawo suonekera angaitanitse kabaji kaulere kolembedwa "Please offer me a seat", ndipo TfL sifunsa kuti mukudwala chiyani.

Pa sitima zapansi panthaka m'pofunika kukonzekera, chifukwa masiteshoni ambiri a Tube ndi akalekale ndipo opanda masitepe angopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu. Pa mapu yang'anani kachizindikiro ka njinga. Ka buluu kakutanthauza kuti muyenda popanda sitepe kuchokera pamsewu mpaka m'sitima. Koyera kakutanthauza kuti mufika papulatifomu pokha, ndipo pokwera pafunika wantchito akuikireni kamlatho ka pamanja. Masiteshoni onse a DLR alibe vuto la masitepe, ndipo onse 41 a Elizabeth line mumafika papulatifomu popanda sitepe. Simuyenera kusungitsa malo: fikani pageti, muuzeni wantchito komwe mukupita, iye aimbira anzake kuti akakuchingamireni. Musananyamuke onani pa pulogalamu ya TfL Go ngati zikepe zikugwira ntchito. Mukapeza chikepe chafa, wantchito ayenera kukupezerani njira ina, ndipo ngati njira yoyenera palibe, akuitanireni takisi yomwe TfL ilipire.