Kukhazika wotchi ya dzuwa ku Nsanje ndi Chikwawa

Wotchi ya dzuwa, yosonyeza nthawi ndi mthunzi, ikamasemphana ndi foni, musafulumire kuzula chitsulo chake choponya mthunziwo. Nthawi ya Malawi amawerengera pa mzere wa madigiri 30 kummawa, pomwe Nsanje ili pa 35 ndi pang'ono. Digiri iliyonse ndi mphindi 4, ndiye dzuwa limatsogola ndi mphindi 21. Ku Chikwawa boma ndi 19.

Kenaka pali kusintha kwa pachaka. Chakumayambiriro kwa Novembala dzuwa limatsogolanso ndi mphindi 16, pakati pa Febuluwale limatsalira ndi 14. Choncho ku Nsanje limafika paliwombo 11:23 mu Novembala, koma 11:53 mu Febuluwale.

Chitsulocho chiloze kummwera, chipendekeke madigiri 17 kuchoka pansi ku Nsanje, 16 ku Chikwawa. Kampasi musaidalire, imaloza pambali pang'ono. Ine ndimalangiza kukhazika pa 13 Juni, pamene kusintha kwa pachaka kulibe ndipo mthunzi ndi wautali. Mangani mwala ku chingwe, chilendewere chosagwedezeka, ndipo ikakwana 11:39 pa foni ku Nsanje lembani mzere pamthunzi wake. Umenewo ndiye wa 12 koloko pa wotchi ya dzuwa, ndipo chitsulocho chitsate mzere womwewo. Mu Novembala mthunzi wa masana umafupika mpaka kusowa.

Maziko akhale a simenti yakuya, poti dothi lamakande likang'ambika ndi chilimwe mbale ya wotchiyo imapendama.