Momwe mungachulukitsire maluwa a rozi m'mabotolo kuno ku Mangochi

Njira yake ndi yomeretsa tizidutswa ta nthambi ya rozi pa chakudya chapadera m'mabotolo otseka, mu labu. Kuno kwathu chimene chimapha timbande ta rozi ta mu labu kawirikawiri ndi kutentha ndi nkhungu. Choncho musanagule mankhwala alionse, konzani chipinda choti chizikhala pa madigiri 23 mpaka 25, ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Timbande timafunanso kuwala maola 16 pa tsiku, ndiye sola kapena batire ikhalepo magetsi akathima.

M'mamawa dulani nthambi yomwe yangoyamba kukhwima pa chitsamba chopanda matenda. Chotsani masamba ndi minga, muidule tizidutswa, kalikonse kokhala ndi diso limodzi. Tsukani ndi sopo, muviike mu ethanol wa 70 peresenti masekondi 30, kenako mu JIK wosungunula mphindi 10 mpaka 15, n'kutsukuluza katatu ndi madzi ophikidwa.

Chakudya chake ndi MS, msakanizo wa michere ya zomera umene anakonza akatswiri a sayansi ya zomera, Murashige ndi Skoog, mu 1962. Pa lita imodzi thirani shuga magalamu 30, agar (ufa wolimbitsa chakudya) magalamu 7 kapena 8, BAP (mankhwala ochulukitsa mphukira) miligalamu imodzi kapena ziwiri, pH (muyeso wa asidi) ikhale 5.8. Madzi akhale a distilled, otchezedwa opanda mchere, chifukwa mijigo ina kuno madzi ake ngamchere. Phikani chakudyacho m'mabotolo pa madigiri 121 kwa mphindi 15 mpaka 20. Ngati autoclave (makina ophera tizilombo ndi nthunzi) mulibe, pressure cooker imagwira ntchito yomweyo. Chakudya chikazizira, ikani tizidutswa tija m'mabotolomo.

Rozi ili ndi khalidwe lake. Pabala paja imatulutsa timadzi todetsa chakudya, kachidutswa n'kuda mpaka kufa. Mukangoona kuda, kasamutsireni m'botolo latsopano pasanathe masiku atatu, kapena muzithiramo activated charcoal (makala apadera oyamwa timadzito) pang'ono. Masamba akachita chikasu, yesani ayironi wa FeEDDHA m'malo mwa FeEDTA amene amakhala mu MS, rozi imamulandira bwino. Ndipo musachite dyera ndi BAP: mphukira zimachuluka ndithu, koma zamadzimadzi zonga galasi, zosalimba kunja. Botolo lomera nkhungu musalimvere chisoni, lichotseni tsiku lomwelo.

Milungu inayi iliyonse gawani mphukira. Pofuna mizu, MS akhale theka, BAP musiye, muike IBA (mankhwala omeretsa mizu) pang'ono.

Mizu ikatuluka, tsukani agar yense, mubzale mu mchenga wosakaniza ndi mankhusu a mpunga owotcha. Vindikirani ndi pulasitiki pamthunzi, muzitsegula pang'onopang'ono kwa milungu iwiri kapena itatu, poyamba madzulo okha mphepo ya kunyanja ikayamba.