Chitsime chanu chikaipitsidwa: momwe mungakakamizire akuluakulu kuchitapo kanthu

Ku Ndirande, Bangwe, Mbayani ndi Chilobwe mumzinda wa Blantyre, mipopi ikauma anthu amathamangira kuzitsime ndi kumijigo. Zambiri mwa zitsimezi zinakumbidwa pafupi ndi zimbudzi, ndipo m'dzinja zonyansa zimalowerera pansi n'kukasakanikirana ndi madzi akumwa. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kudandaulirana pachitsime sikuthandiza. Chomwe chimagwedeza maofesi ndi umboni wolembedwa.

1. Sonkhanani. Itanani amfumu, akhansala ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, musankhe komiti ya anthu ochepa, amayi otunga madziwo asasowemo.

2. Lembani zonse m'kope. Chitsime chili pati, makomo angati amatungapo, ana otsegula m'mimba ndi angati, ndipo chapafupi n'chiyani: chimbudzi, mtaya, galaja, kapena paipi ya suweji yophulika. Pimani mtunda wake. Chimbudzi chimayenera kutalikirana ndi chitsime mamita 30 kapena kuposerapo, komanso chikhale kumunsi kwake. Jambulani zithunzi.

3. Yezetsani madzi. Apa m'pamene pagona nkhani yonse, choncho sonkheranani ndalama. Malawi Bureau of Standards ili ndi labotale mumzinda momwe muno, ndipo kusukulu ya ukachenjede ya MUBAS kuli akatswiri a zamadzi. Katengeni botolo kulabotale komweko, osati lachakumwa lotsukidwa kunyumba. Mukatunga, liikeni pozizira n'kukalipereka tsiku lomwelo. Pemphani ayeze E. coli (tizilombo topezeka m'chimbudzi) ndi nitrate (mchere wochokera kuzonyansa ndi feteleza), ndipo ngati muli m'mbali mwa mtsinje wa Mudi kapena kufupi ndi mtaya wa Mzedi, ayezenso zitsulo monga mtovu. Yezetsani m'chilimwe, mudzabwerezenso mvula ikagwa, chifukwa zotsatira zimasiyana.

4. Lembani kalata kwa mkulu wa khonsolo ya mzinda wa Blantyre, makope apite ku MEPA (bungwe la boma loteteza zachilengedwe) ndi ku National Water Resources Authority (bungwe la boma loyang'anira madzi). Lamulo la zachilengedwe la mu 2017 limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala pamalo aukhondo, ndiye simukupempha chifundo. Nenani chenicheni chomwe mukufuna: paipi ikonzedwe, wotaya zonyansa aletsedwe ndipo alipire zokonzera, pamangidwe kiyosiki ya madzi. Musachoke paofesi kope lanu lisanadindidwe chidindo chokhala ndi tsiku.

5. Akakhala chete, gwiritsani ntchito lamulo lopezera uthenga, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, kufunsa zomwe apeza ndi zomwe achita. Pitaninso kwa Ombudsman, kubungwe loona zachilengedwe la CEPA ndi kwa atolankhani mutanyamula mapepala anu.

Podikira zonsezi, thirani klorini kapena wiritsani madzi akumwa. Koma dziwani kuti kuwiritsa kumapha tizilombo tokha, sikuchotsa nitrate kapena mtovu. Zotsatira zikaonetsa zimenezi, lekani kumwa madzi apachitsimepo ndipo musamapangire phala la ana.