Musanalipire fizi ya digiri ina mu Lusaka muno

Loweruka lina kunyumba kwanga ku Chelstone kunabwera mtsikana wa kwathu ku Malawi, mwana wa mnzawo wa amayi anga. Mwamuna wake anapeza ntchito kuno, iye n'kumutsatira. Anakhala pampando atagwira envulopu ya khaki yomwe inali itayamba kuthetheka m'makona chifukwa choyenda nayo. Anatulutsa zam'katimo n'kuziyala patebulo chimodzichimodzi: digiri ya ku Poly, zotsatira za mapepala 9 a ACCA, mayeso a ukauntanti a ku Britain, ndi kalata yochokera kumene anagwira ntchito zaka zinayi ku Limbe. Miyezi inayi akutumiza ma CV, palibe ngakhale mmodzi womuimbira foni.

"Achimwene, kapena ndingoyamba MBA? Mwina mapepala angawa ndi ochepa."

Ndinamuuza kuti ndalama za MBA, digiri yachiwiri ya za bizinesi, aziike kaye pansi pa pilo. Mapepala ake sanali ochepa ayi. Vuto linali lakuti pa mulu wonsewo panalibe pepala limodzi lomwe wolemba ntchito wa ku Zambia amayamba kuyang'ana. Ndikulemba izi chifukwa funso lakelo ndalimva kwa anthu ambiri akwathu, ndipo zimandiwawa kuona munthu akuthira ndalama yake yomaliza pa sukulu yomwe siimutsegulira khomo lomwe waima.

Tsegulani chilengezo chilichonse cha ntchito ya akauntanti kuno. Pafupifupi chilichonse chimanena kuti ofunsira akhale membala wa ZICA yemwe analipira chaka chino. ZICA ndi Zambia Institute of Chartered Accountants, ndipo mphamvu zake zimachokera mu lamulo la Accountants Act la 2008. Lamulolo sililola munthu kugwira ntchito ya ukauntanti m'dziko muno asanalembetse kumeneko. Kaya muli ndi ACCA yonse, kaya CIMA, yomwe ndi mayeso enanso a ukauntanti, kaya ndinu membala wa ICAM, bungwe la ma akauntanti kwathu, wa ku ofesi yolemba ntchito (HR) akapanda kuona nambala ya ZICA pa CV amangoiika pambali. Sikuti amakudani chifukwa ndinu Mmalawi. Nayenso amaopa lamulo. Maofesi a ZICA ali ku Accountants Park, mumsewu wa Thabo Mbeki, ndipo ine ndimalangiza anthu kuti apiteko ndi miyendo yawo, mapepala ali m'manja. Umembala uli m'magulu, kuyambira Technician, Licentiate, Graduate, Associate mpaka Fellow, ndipo gulu lomwe angakuikeni limadalira zomwe munaphunzira komanso zaka zomwe mwagwira. Akakuikani m'munsi kusiyana ndi momwe mumaganizira, landirani nambalayo. Kukwera mudzakwera muli kale m'kati.

Ngati mukuwerenga izi muli ku Blantyre kapena ku Lilongwe, musanakwere basi ya pa Mchinji chitani izi. Pitani ku koleji yanu, kaya ndi MUBAS, yomwe ambirife timaitchabe Poly, kaya Malawi College of Accountancy, mukatenge transcript yodindidwa. Lipirani ngongole yanu yonse ku ICAM, akulembereni kalata yoti ndinu membala wopanda mlandu. Tengani kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe milandu. Ndipo satifiketi ya MSCE musaisiye m'sutikesi kwa amayi poganiza kuti munthu wa digiri saifunanso. Kuno zilengezo zambiri zimayamba ndi satifiketi ya Grade 12, Chingerezi ndi masamu zili momwemo, ndiye MSCE yanu ndiyo imaima m'malo mwake. Zonsezi kuzitsatira muli kale ku Lusaka n'kovuta. Mumadalira m'bale woti akakuimireni pamzere, ndipo nayenso ali ndi zake.

Mapepala a kunja amadutsanso ku ZAQA, Zambia Qualifications Authority, omwe amatsimikiza kuti ndi enieni n'kunena mulingo wake malinga ndi maphunziro a kuno. Zimatenga nthawi chifukwa ayenera kumva kuchokera ku sukulu yomwe inakupatsani pepalalo. Yambani sabata yomwe mwafika.

Koma nambala ya ZICA imangokufikitsani m'chipinda cha intavyu. Zomwe zimachitika m'menemo ndi nkhani ina, ndipo ine ndinaziona ndekha. Intavyu yanga yoyamba kuno inali pa kampani ina ya zomangamanga ku Heavy Industrial Area. Mafunso a IFRS, malamulo a mayiko ambiri olembera ma akaunti, ndinayankha bwinobwino, poti malamulo amenewo ndi amodzi kwathu ndi kuno. Kenako mayi wina wachikulire, yemwe nthawi yonseyi anali chete akulemba, anakweza mutu n'kufunsa kuti PAYE, msonkho wa pa malipiro, imaperekedwa liti, nanga VAT. Ndinayankha mosajejema kuti pa 14, ndipo VAT pa 25. Amenewo ndi masiku a MRA. Ku ZRA, bungwe lotolera msonkho kuno, PAYE ndi pa 10 mwezi wotsatira, VAT pa 18. Mayiwo sanandinyoze. Anangoika cholembera pansi n'kunena kuti, "Mukanatilipiritsa chindapusa mwezi woyamba." Ndinatuluka mutu uli pansi, koma iwo sanalakwe.

Apa ndi pomwe pali kusiyana kwenikweni pakati pa inu ndi mnyamata wa ku Zambia yemwe mukupikisana naye, ndipo apa ndi pomwe ndalama yanu ya maphunziro iyenera kuyamba kupita. Dzanja lathu linazolowera kupereka msonkho pa Msonkho Online ya MRA. Kuno ndi TaxOnline, ndipo kuyambira 2024 makampani olembetsa VAT amatulutsa ma invoisi kudzera pa Smart Invoice. VAT ya kuno ndi 16 peresenti. Chaka cha msonkho chimayamba mu Januwale n'kutha mu Disembala. Pa malipiro pokha pali zinthu zomwe kwathu kulibe m'maonekedwe amenewa. Kwathu penshoni tinazolowera kuti bwana aika 10 peresenti, wantchito 5. Kuno kuli NAPSA ya penshoni, 5 peresenti mbali iliyonse, ndipo pali malire a malipiro omwe amawerengera, omwe amasintha chaka ndi chaka. Kuli NHIMA ya inshuwalansi ya zaumoyo, 1 peresenti bwana, 1 peresenti wantchito. M'malo mwa TEVET levy kuli Skills Development Levy ya theka la peresenti. Kulinso Workers' Compensation. Za kulembetsa makampani ndi ma annual return zimapita ku PACRA, motsatira Companies Act ya 2017, osati ya 2013 yomwe tinaloweza kwathu. Ngakhale omwe tinalemba ACCA, ambiri pepala la msonkho tinasankha la Malawi. Linatithandiza ku Limbe, koma pa Cairo Road silikuyankhirani funso.

Ndiye ngati mukufuna pepala loonjezera, loyamba likhale la msonkho wa Zambia. ZICA yomweyo ili ndi satifiketi ndi dipuloma ya Taxation. Kulembetsa kokha kumasintha nkhani m'chipinda cha intavyu, chifukwa mumatha kunena kuti ndinaona pomwe ndikuperewera ndipo ndayamba kale. Pomwe mukudikira mayeso, werengani Practice Note yomwe ZRA imatulutsa kumayambiriro a chaka yofotokoza zomwe zasintha pa msonkho. Ili pa intaneti, yaulere. Pezaninso mnzanu wa kutchalitchi yemwe amakonza payroll, mumupemphe mukhale pambali pake tsiku limodzi kumapeto a mwezi. Zomwe mungaone pa sikirini yake masana amodzi, buku silingakupatseni. Safunsa anadya phula.

Tsono pali funso lomwe mtsikana uja anafunsa kachiwiri: amalize ACCA kapena alowe CA Zambia? CA Zambia ndi pulogalamu ya ZICA, ili ndi magawo atatu, Knowledge, Application ndi Advisory, kuphatikiza zaka zitatu zophunzira pa ntchito, ndipo omwe ali ndi digiri amatha kukhululukiridwa mapepala ena. Ubwino wake msonkho ndi malamulo a m'menemo ndi a kuno, fizi yake ndi ya makwacha. ACCA amalipira m'mapaundi, ndipo aliyense amene anavutikapo kusaka ndalama zakunja ku banki kwathu akudziwa ululu wake. Koma maganizo anga ndi awa: munthu yemwe watsala ndi mapepala anayi asasiye panjira. Amalize. ACCA idzakutsatirani mukadzabwerera kumudzi kapena mukadzapita ku Gaborone kapena ku Nairobi, ndipo ife obwera sitidziwa komwe tidzakhale zaka khumi zikubwerazi. Amene ndingamuuze kuti aganizire CA Zambia ndi yemwe ali ndi dipuloma kapena digiri yokha, wakwatira kapena wakwatiwa kuno, ndipo mtima wake wakhazikika. Makalasi a zonsezi alipo ku koleji ya ZCAS, mumsewu wa Dedan Kimathi pafupi ndi depoti ya mabasi ya Intercity, komanso m'masukulu ena ang'onoang'ono. Musanalipire kulikonse, funsani ku ZICA kapena ku ACCA ngati sukuluyo akuidziwa.

Pali china chomwe sindingakubisireni, abale anga. Zambia ili ndi ma akauntanti ambiri, ena a iwo ali pakhomo ndi mapepala awo. Mmalawi amalowa popanda viza, koma kulowa si chilolezo chogwira ntchito. Pemiti ya ntchito amakufunsirani ndi bwana ku Immigration, ndipo iye ayenera kusonyeza chifukwa chomwe watengera mlendo. Pa ntchito ya accounts clerk chifukwa chimenecho n'chovuta kuchipeza. Ngati munabwera motsatira banja, kafunseni ku Immigration ngati pepala lomwe mukukhalira limalola kugwira ntchito. Ndipo wina akakuuzani kuti yambani kaye, za pemiti tidzaona, kanani. Akadzabwera a Immigration, wokwera galimoto yawo ndi inu, ndipo dzina la akauntanti likada silichapika.

N'chifukwa chake pepala lachiwiri, msonkho utatha, liyenera kukhala lokusiyanitsani ndi gulu. Amene munagwirapo m'mabungwe othandiza anthu kwathu, luso lolemba malipoti a ma donor ndi chuma, liikeni pamwamba pa CV. Amene mumakonda oditi, masatifiketi a oditi a CIA kapena CISA amamveka m'mabanki. Yang'ananinso komwe kudziwa Malawi kuli phindu. Likulu la COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa, lili mu Lusaka muno, mumsewu wa Ben Bella, ndipo Malawi ndi membala. NICO ili ndi kampani ya inshuwalansi kuno. First Capital Bank ili mbali zonse ziwiri. Zambia Sugar ku Mazabuka ndi banja limodzi ndi Illovo ya ku Nchalo ndi Dwangwa. Palinso makampani a malole ndi a katundu omwe amadutsa pa Mwami tsiku ndi tsiku. Kumeneko munthu wodziwa MRA ndi ZRA nthawi imodzi amamufuna.

MBA sindikuinyoza. Idzafunika mukadzafuna mpando wa finance manager, ndipo nthawi imeneyo mwina kampani idzakuthandizani fizi. Excel, Sage ndi QuickBooks zokha zipukuteni panopa, chifukwa ena amakukhazikani pa kompyuta tsiku la intavyu lomwelo.

Mtsikana uja tinakhala naye mpaka nsima ya madzulo. Tinagawa mapepala ake milu itatu: opita ku ZAQA, opita ku ZICA, ndi omwe anayenera kuitanitsa kwathu. Kalata ya ku ICAM analibe, transcript inali fotokope yosadinda. Anaimbira mchimwene wake ku Ndirande pomwepo kuti Lolemba alawirire ku koleji. Pamsana pa envulopu ija analembapo 10 ndi 18 ndi cholembera changa, n'kufunsa kuti basi yopita ku Thabo Mbeki amakwerera pati.