Momwe mungasinthire shepu ya buloko ya injini kuti isamavute mu chikombole

Anzathu amene mumasungunula aluminiyamu nkumapanga mapoto ku Lizulu, pa Ntcheu boma ndi ku Dedza, nzeru imene mumagwiritsa ntchito ndi yomweyo ya ku mafakitale a injini, kungoti buloko, thunthu la injini mmene mumakhala masilinda, ili ndi tinjira ta madzi ndi oyilo mkati ndiye imafuna kuiganizira kaye. Buloko yonse ya galimoto simungaithire ndi makala kuseri kwa nyumba ayi, koma masitepe awa mutha kuyesera pa zing'onozing'ono ngati kava kapena silinda ya njinga yamoto.

Choyamba sankhani pamene chikombole chizigawikana pawiri. Mzere umenewo ukhale wowongoka ndipo udutse pamene chinthucho chafufuma kwambiri. Kabampu kalikonse kamene kazikola mchenga pozula patani (chifanizo cha chinthucho chimene mumadinda mu mchenga kuti chikombole chipangike), kasunthireni pa mzerewo kapena kachotseni basi.

Kenako makoma onse oimirira muwapendeketse pang'ono, digiri 1 mpaka 3, ngati mmene ndowa imakhalira yotakata kukamwa. Khoma loima chilili limakokolola mchenga potuluka. Patani ya thabwa muikwechenso ndi sandipepa nkuipaka vanishi.

Apa ndiye pagona nkhani, kuchindikala kwa makoma. Chitsulo chikamazizira chimanyala, ndipo mbali yopyapyala imayamba kuuma nkumayamwa chamadzimadzi kuchokera ku mbali yonenepa, ndiye mkati mwa yonenepayo mumatsala mphako yosaoneka kunja, tsiku lina mukuboola pa bawuti mungoona dirilo yagwera. Pa buloko malo oterowo amakhala pozungulira mabawuti a hedi (chivundikiro cha pamwamba pa masilinda) ndi pokhala ma bearing a kirankishafuti (chitsulo chimene mapisitoni amazunguza). Makoma ayandikane kukula, ndipo pamene wonenepa akukumana ndi wopyapyala pazisintha pang'onopang'ono. Mukafuna mphamvu ikani nthiti zopyapyala mmalo monenepetsa khoma lonse, koma nthiti zinayi zisakumane pamodzi ngati mtanda chifukwa pakatipo pakhalanso ponenepa, zisemphanitseni. Pamene kunenepa sikungapeweke ikani riser, kachitsime ka chitsulo pamwamba kamene kamadyetsa malowo mpaka aume, mudzakadula pambuyo.

Makona akuthwa a mkati azungulizeni. Mng'alu umayambira pamenepo.

Tsopano tinjira ta madzi. Timapangidwa ndi core, mchenga woumitsa umene umaikidwa mkati mwa chikombole kuti chitsulo chiuzungulire. Core ikhale yonenepako, zikhale zochepa mmene mungathere, ndipo iliyonse ikhale ndi miyendo yogwira ku chikombole apo ayi iyandama chitsulo chikalowa, khoma lina nkutuluka ngati pepala. Timaplagi tozungulira tija ta mmbali mwa buloko, timene timachita dzimbiri nkumadontha madzi amakanika nkumadandaula, timatseka mabowo amene munadutsa miyendo ya core komanso motulutsira mchenga. Musawachepetse mabowo amenewa, mchenga wotsalira umatseka radiyeta. Tinjira ta oyilo towongoka ndi bwino kungodzaboola pambuyo. A kampani ya Ford pa galimoto yawo ya Model T ya 1908 anathira masilinda anayi mu buloko imodzi koma hedi nkuipanga payokha yomanga ndi mabawuti, ndipo mu 1932 anathira buloko yonse ya V8, injini ya masilinda asanu ndi atatu, ngati chinthu chimodzi nthawi imene ambiri ankalumikiza zidutswa. Ine ndimaona kuti hedi yapadera ija ndiyo phunziro kwa ife, chikavuta kuthira chonse chigaweni.

Patani ikhale yokulirapo kuposa chinthu chenichenicho. Aluminiyamu amanyala pafupifupi 1.3 peresenti, cast iron (chitsulo chothira mu chikombole) pafupifupi 1 peresenti, ndiye mbali ya mamilimita 300 pa chinthu cha aluminiyamu ikhale 304 pa patani. Powonjezera apo siyani mamilimita awiri kapena atatu pamalo odzasalaza ndi makina.

Pothira, aluminiyamu amasungunuka pa madigiri pafupifupi 660, cast iron kupitirira 1,100. Zidutswa za mabuloko ndi mahedi akale a aluminiyamu ndi zabwino kuposa zitini za zakumwa. Mchenga wanu wosakaniza dongo ukhale wachinyezi pang'ono, woti mukaufumbata ugwirane osanyowetsa dzanja, ndipo mubayebaye timabowo ndi waya kuti nthunzi izituluka. Ndi mame a ku Dedza a mu Juni aja zipangizo zonse muziwambe kaye pamoto, dontho la madzi limaphulitsa chitsulo kumaso. Valani jombo zachikopa ndi magalasi, osati masilipasi.

Choyamba kuthira musagulitse. Chidulani pakati ndi hakiso muone pamene pali mphako, mukasinthe patani pamenepo kenako muthirenso.