Mbalame za m'khola ndi maluwa a pabalaza: mmene ndimachitira ine

Ndimasunga timbalame tinayi, ma budgie awiri ndi ma lovebird awiri, tonse tamtundu wa zinkhwe. Madzulo ndikatseka mawindo ndimatitsegulira khola kuti tiwongole mapiko pabalaza kwa ola limodzi. Tsiku lina ndinapeza tsamba la duwa limene apongozi anga anandipatsa litang'ambika m'mphepete ngati ladyedwa ndi mbozi, ndipo kamkazi ka lovebird kali pansi m'khola, kakupukusa mutu n'kumakhula mlomo pa waya. Duwalo ndi lija la masamba akuluakulu a mawanga oyera pakati, dzina lake Dieffenbachia. Kambalameko kanachira patatha masiku awiri, koma duwalo linasamukira kuseri kwa nyumba tsiku lomwelo. Apongozi anafunsa, ndinawafotokozera, anangoti, "Mbalame zanuzi n'zodula kuposa nkhuku."

Choyamba kudziwa n'chakuti mbalame zamtundu wa zinkhwe zimaphunzira chinthu ndi mlomo. Sizidya tsamba chifukwa cha njala, zimangofuna kuluma. Ma lovebird aakazi ndiye amanyanya, chifukwa amang'amba masamba ndi mapepala n'cholinga chomangira chisa. Ndiye ganizani kuti budgie amalemera magalamu 30 mpaka 40 basi. Kachidutswa komwe mphaka angakalavule n'kupitiriza ulendo, kwa kambalame kotere ndi nkhani yaikulu.

Yendani m'nyumba mwanu mukuyang'ana m'mwamba, osati pansi. Mbalame imatera pa ndodo ya makatani, pamwamba pa kabati, pa shelefu. Ambiri timaganiza kuti duwa tikaliika pamwamba tabisa, pomwe taliika pampando pake penipeni. Duwa lililonse lijambuleni pafoni ndipo mupeze dzina lake lenileni. Ogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu ena amadziwa mayina, ena amangoti "la m'nyumba ili, mayi." Limene simukulidziwa dzina, litulutseni kaye.

Dieffenbachia ali ndi abale ake omwe adzaza m'nyumba zathu: money plant uja woyanga amene timamuika m'botolo la madzi, philodendron, ndi peace lily wa duwa loyera. Onsewa ndi a banja limodzi ndi koko. Amene analawapo koko wosapsa bwino akudziwa kuyabwa kwake pakhosi. Chimayambitsa kuyabwako ndi timiyala tosaoneka ndi maso, tosongoka ngati singano, totchedwa calcium oxalate. Mbalame ikaluma tsamba, timasinganoti timabaya lilime ndi kummero, pamatupa, ndipo kummero kwa kambalame kukatupa mpweya umavuta kudutsa.

Oopsa koposa ndi aja owononga mtima. Oleander, chitsamba cha masamba aatali owonda ndi maluwa apinki kapena oyera chimene ena amabzala kumpanda, ndi chiphe kuyambira tsamba mpaka nthambi, ngakhale chitauma. Desert rose, wa tsinde lonenepa ngati kamlambe, ndi kalanchoe wa masamba okhuthala nawonso ali ndi poizoni wosokoneza kagundidwe ka mtima. Amenewa sindilola n'komwe kuti akhale pakhonde pamene ndimapachika khola m'mawa. Nsatsi, nkhadze ndi chomera chilichonse chotuluka utomoni woyera ngati mkaka ndimachiyesa mdani. Fodya naye, kuphatikizapo zotsalira za ndudu zimene alendo amasiya m'mbale.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri kuno kwathu si duwa ayi, ndi mapeyala. Nyengo yake ikafika amakhala mbwee patebulo, ndipo mwana amaona kuti n'chifundo kugawirako mbalame. Peyala lili ndi mankhwala achilengedwe otchedwa persin, amene kwa munthu alibe vuto koma mbalame zing'onozing'ono amaziwononga mtima, ndipo zimatha kufa pasanathe masiku awiri. Ali m'chipatso, m'khungu, m'nthanga ndi m'masamba. Choncho kanthanga kaja mwakamiza m'kapu pawindo kuti kamere, kachotseni. Nthambi ya mtengo wa mapeyala musaiike m'khola ngati poteramo. Kwathu lamuloli amalidziwa aliyense, mpaka mwana wa achemwali anga wazaka zisanu: peyala limadyedwera kukhitchini, chitseko chili chotseka. Anyezi ndi adyo nazonso musazipatse.

Kungochotsa zoipa sikukwanira, chifukwa mlomo ukasowa choluma umapita ku waya wa wailesi kapena chikuto cha Baibulo. Ine ndimafesa mawere m'kachitini kakang'ono, akamera n'kutalika ngati chala ndimalowetsa m'khola, ndipo pofika madzulo pamakhala pali mbee. Ndimafesa zitini zitatu motsatizana kuti zizisinthana. Zoteramo ndimadula ku mtengo wa gwafa kapena mabulosi, pa mtengo umene ndikudziwa kuti sunapoperedwe mankhwala, n'kuzitsuka ndi kuziyanika padzuwa. Pabalaza ndinasiya spider plant ndi Boston fern, zomwe zilibe chiphe, ngakhale kuti spider plant wangayo tsopano akuoneka ngati wametedwa ndi lumo lobuntha.

Duwa labwino lomwe likhoza kubwera ndi tsoka kuchokera kumene mwaligula, chifukwa ena amapopera mankhwala ophera tizilombo. Latsopano ndimalitsuka masamba n'kulisiya panja milungu ingapo. Timibulu ta feteleza pamwamba pa dothi mbalame imatiyesa mbewu, ndipo madzi otsalira m'mbale ya pansi pa mphika imamwa. Zonsezi muzichotsa.

Zikachitika kuti yaluma, muiona itafufumitsa nthenga, itakhala pansi m'khola m'malo mwa pa ndodo, ikubweza chakudya, ikutsekula m'mimba, kapena mchira ukukwera ndi kutsika pamene ikupuma. Mbalame imabisa matenda mpaka itafooka, ndiye musadikire kuti muone mawa. Chotsani zotsalira za tsamba pamlomo ndi kansalu konyowa. Musaimwetse mkaka kapena mafuta ophikira monga ena amalangizira. Mkaka mbalame siigaya bwino, ndipo chamadzi chilichonse chothiridwa mokakamiza chimatha kulowera kumapapo. Musayesenso kuisanzitsa. Iikeni m'kabokosi koboola mabowo, muyalemo kathaulo, pambali muike botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu, n'kunyamuka kupita kwa dotolo wa ziweto. Tengani tsamba la duwalo m'kajumbo, ndipo mukumbukire nthawi imene yaluma.

Nambala ya dotoloyo ifufuzeni lero, ndipo mumufunsiretu ngati amaona mbalame, poti ena anazolowera agalu ndi ng'ombe zokha. Yanga ndinailemba papepala n'kumata pa khola penipenipo, chifukwa tsiku lija la Dieffenbachia foni yanga inali itazima ndipo magetsi kunalibe.