Momwe mungasungire dongosolo pophunzitsa AI kujambula zithunzi zanu

Amene mwayesapo kuphunzitsa LoRA mukuidziwa foda ija. Pamwamba pali fayilo yotchedwa "chitenje_final", pansi pake "chitenje_final2", kenako "chitenje_yeniyeni". Imodzi mwa izo inatulutsa zithunzi zokongola sabata yatha, koma ndi iti? Munaiphunzitsa ndi zithunzi zingati? Mutu wangoti zii. Ine zinandichitikirapo, ndipo ndinawotcha bandulo yathunthu kufuna kubwereza chinthu chomwe ndinali nditachipeza kale.

Kwa amene mwangoyamba kumene: LoRA ndi njira yomwe akatswiri a ku Microsoft anaifotokoza mu 2021, poyamba ya ma model a chilankhulo, kenako anthu anaitengera ku zithunzi. M'malo mophunzitsa model yonse monga Stable Diffusion (AI yaikulu yojambula zithunzi kuchokera ku mawu), mumangophunzitsa kafayilo kakang'ono kokwera pamwamba pake, kodziwa nkhope imodzi, katundu mmodzi kapena kajambulidwe kamodzi. Ambiri amachita izi ndi pulogalamu ya Kohya_ss. Tiyerekeze kuti inu mukufuna AI idziwe maluwa a chitenje chomwe mwajambula nokha.

1. Pulojekiti iliyonse ikhale ndi foda yakeyake

Mkati mwake pangani mafoda asanu: la zithunzi zoyambirira, la zithunzi zokonzedwa, la ma setting, la ma LoRA otuluka, ndi la zithunzi zoyesera. Zithunzi zoyambirira musazikhudze. Mukafuna kudula kapena kuchepetsa chithunzi, koperani kaye n'kugwira ntchito pa kope.

2. Zithunzi zophunzitsira muzipatse nambala

Apa ndi pomwe ambiri amasochera. Lero mwaphunzitsa ndi zithunzi 30, mawa mwachotsa 4 zosaoneka bwino n'kuwonjezera 6, koma foda ndi yomweyo, dzina ndi lomwelo. Pakatha mwezi simungadziwenso kuti LoRA yabwino ija inaona zithunzi ziti. Choncho mukangosintha ngakhale chithunzi chimodzi, pangani foda yatsopano: zithunzi_v1, zithunzi_v2. Zithunzi 30 sizidya malo ambiri, musaumire.

Chithunzi chilichonse chimayenda ndi kafayilo ka .txt ka dzina lofanana nacho, momwe mumalemba zomwe zili pachithunzipo. Mawuwa nawonso ndi gawo la phunziro, ndiye mukawasintha, nambala isinthenso. Sankhani liwu limodzi lachilendo loitanira LoRA yanu, monga "chtnj01", ndipo mulilembe pamalo osasowa. Liwu wamba ngati "fabric" silithandiza chifukwa model ili nalo kale tanthauzo lake.

Kohya_ss ilinso ndi khalidwe lake: nambala yoyambirira pa dzina la foda imauza pulogalamu kuti chithunzi chilichonse chibwerezedwe kangati. Foda ya "10_chtnj01" ikutanthauza kakhumi. Nambala imeneyi imaiwalika msanga chifukwa siikhala pamodzi ndi ma setting enawo.

Lembaninso komwe chithunzi chilichonse chachokera. Ngati pali nkhope ya munthu, akhale atavomera, ndipo chilolezocho chisungidwe mufoda momwemo. Maluwa a chitenje chogula pamsika ali ndi eni ake, musawatenge ngati anu.

3. Dzina la fayilo lizinena lokha mbiri yake

Iwalani za "final". Lembani chonchi: 2025-03-14_chitenje_sdxl_v2_r03. Deti liyambe ndi chaka kuti kompyuta izisanja yokha mafayilo motsatira nthawi. Kenako dzina la pulojekiti, model yomwe mwakwerapo, nambala ya foda ya zithunzi (v2), ndi ulendo wachingati wophunzitsa (r03).

Dzina la model lisasowe. LoRA yophunzitsidwa pa Stable Diffusion 1.5, ya mu 2022 yomwe inazolowera zithunzi za 512 kwa 512, sigwira pa SDXL ya mu 2023 ya 1024 kwa 1024, ndipo zonsezi sizigwira pa FLUX.1 yomwe kampani ya Black Forest Labs inatulutsa mu 2024. Mafayilo onsewa amathera ndi .safetensors, pamaso amangofanana ngati mapasa.

4. Tsegulani kaundula, ndipo muzilembamo musanadine batani

Google Sheets kapena Excel ikukwana, ngakhale kope la sukulu. Ulendo uliwonse ukhale ndi mzere wake wokhala ndi izi: deti, model, nambala ya foda ya zithunzi, kubwereza, ma epoch (maulendo omwe pulogalamu imadutsa pa zithunzi zonse), batch size (zithunzi zomwe imaona nthawi imodzi), learning rate (liwiro lophunzirira), ma setting ena a mu Kohya_ss monga rank ndi alpha ndi optimizer, seed (nambala yothandiza kubwereza zotsatira zomwezo), ndi nthawi yomwe yatenga. Masitepe ophunzitsira mumawapeza pochulukitsa zithunzi ndi kubwereza ndi ma epoch, n'kugawa ndi batch size. Zithunzi 30, kubwereza ka 10, ma epoch 10, batch size 2, akupatsani masitepe 1,500.

Koma mabokosi awiri ofunika kwambiri si a manambala. Loyamba ndi lakuti "ndasintha chiyani, ndipo ndikuyembekeza chiyani". Lachiwiri ndi "chatuluka n'chiyani". Lembani m'Chichewa chanu chomwe: "maluwa akufanana koma mtundu wofiira wapsa kwambiri", "ikungobwereza tebulo lomwe ndinayalapo nsalu". Mawu otere ndi amene adzakupulumutseni, osati learning rate ya 0.0001 yongokhala payokha.

Ndipo sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi. Ndikudziwa, mtima umathamanga, makamaka nthawi ya GPU (chipangizo cha kompyuta chomwe chimagwira ntchito yophunzitsayi) ikakhala yolipira. Koma mukasintha learning rate, rank ndi zithunzi nthawi imodzi, zinthu n'kuyenda bwino, simudziwa chomwe chathandiza. Zili ngati kumwa mankhwala atatu pamodzi n'kuchira: mawa mudzagula ati?

Kohya_ss imalola kusunga ma setting onse mufayilo ya .json. Isungeni ndi dzina lofanana ndi la ulendowo. Okonda ma girafu angalumikize TensorBoard kapena Weights & Biases kuti aziona momwe loss (muyeso wa kulakwitsa kwa model) ikutsikira, koma pa zithunzi girafu imanyenga. Loss ikhoza kutsika bwinobwino zithunzi zili zonyansa. Maso anu ndiwo woweruza.

5. Mayeso akhale amodzimodzi nthawi zonse

Konzani ma prompt (mawu ouza AI choti ijambule) asanu kapena asanu ndi atatu, muwasunge mufayilo, osawasinthanso. Ena akhale osavuta, ena ovuta dala: chitenje chanu chitasokedwa diresi, chitakulunga mtsamiro, chili panja usiku. Onjezani limodzi lopanda liwu loitanira lija, kuti muone ngati LoRA yayamba kulowerera pomwe sinaitanidwe. Seed, sampler (njira yomwe AI imatsata pojambula) ndi masitepe ojambulira zikhale zomwezo.

Uzani Kohya_ss kuti izisunga fayilo pa epoch iliyonse kapena pa ziwiri zilizonse. Nthawi zambiri yomaliza si yabwino koposa, imakhala italoweza zithunzi m'malo mophunzira. Mu AUTOMATIC1111, pulogalamu yojambulira zithunzi, muli X/Y/Z plot yomwe imayala ma epoch onse pa chithunzi chimodzi, mphamvu ya LoRA ikusintha kuchokera pa 0.6 mpaka 1.0. Chithunzi chimenecho chisungeni, ndipo epoch yopambana ilowe mu kaundula.

Zithunzi za PNG zochokera mu AUTOMATIC1111 kapena ComfyUI, pulogalamu inanso yojambulira, zimabisa prompt ndi ma setting mkati mwake. Mukazitumiza pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, zonsezo zimafufutika. Tumizani ngati document.

6. Sungani kawiri, chifukwa magetsi sapangana ndi munthu

Ngati mukuphunzitsira pa Google Colab (makompyuta a Google obwereka pa intaneti), dziwani kuti ikadula, zonse zomwe zili mmenemo zimapita. Lumikizani Google Drive musanayambe kuti mafayilo azigwera kumeneko. Malo aulere ndi 15 GB, pomwe SDXL payokha imadya pafupifupi 7 GB, ndiye model yaikuluyo musaisunge kumeneko. Ingolembani dzina lake lenileni ndi komwe munaitenga, kaya ndi pa webusayiti ya Hugging Face kapena ya Civitai. Zoyenera kusungidwa kawiri ndi zomwe simungazipezenso kwina: zithunzi, mafayilo a .txt, a .json, kaundula ndi epoch yopambana.

Ma epoch olephera mukhoza kuwafufuta pakatha sabata ziwiri kuti mupeze malo. Mzere wake mu kaundula musaufufute, ungoupaka mtundu wotuwa n'kulemba chomwe chinalakwika.